Masiku Anayi a ku Kansas City: Momwe Timu ya NFL Imasankhira Mphunzitsi wa Otchinga

Madzulo a pa 20 Januwale 2019, m'bwalo la Arrowhead mumzinda wa Kansas City ku America, timu ya Chiefs inatsala ndi mphindi pafupifupi imodzi kuti ipeze malo mu Super Bowl, masewero a ndime yomaliza a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, kumene inali isanafikeko kwa zaka pafupifupi 50. Inali patsogolo ndi mapointi 28 kwa 24. Tom Brady wa New England Patriots anaponya mpira umene unapulumuka m'manja mwa Rob Gronkowski n'kukagwera m'manja mwa Charvarius Ward, wotchinga wa Chiefs, ndipo bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe poona kuti nkhani yatha. Koma pa udzu panali patagwa kansalu kachikasu kamene oyimbira amaponya akaona cholakwa. Dee Ford, mmodzi mwa otchinga a kutsogolo, anali ataima mopyola mzere pang'ono chabe mpira usanayambe, choncho zonse zimene zinachitikazo zinafafanizidwa. Patriots inapitiriza ndi mpira n'kugoletsa, Chiefs inabweza mpaka kulingana 31 kwa 31, ndipo masewero analowa m'nthawi yowonjezera. Mmenemo Patriots ndiyo inayamba ndi mpira. Inayenda mayadi 75 osabwezedwa, ndipo katatu konse inapulumuka pamene inkafunika mayadi 10 pa mwayi wachitatu, mpaka inagoletsa n'kupambana 37 kwa 31. Patrick Mahomes, woponya mpira wa Chiefs, yemwe chaka chimenecho anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi, anaonerera zonsezo ali m'mbali mwa bwalo, mpira osaukhudza n'komwe.

Patapita masiku awiri, Chiefs inachotsa ntchito Bob Sutton, mphunzitsi amene ankayang'anira otchinga kuyambira mu 2013. Patapitanso masiku ena awiri, inalemba Steve Spagnuolo, munthu amene chaka chonse cha 2018 anali pakhomo wopanda timu, amenenso mbiri yake inali ndi zipsera zoti aliyense ankaziona. Zimene zinachitika m'masiku anayi amenewo, ndiponso m'miyezi yotsatira, zikuonetsa bwino chifukwa chimene kusankha munthu pa udindo umenewu, wotchedwa defensive coordinator, kulili kovuta kuposa momwe ochemerera ambiri amaganizira.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa kuti mpira wa ku America umasiyana kwambiri ndi mpira wamiyendo pa chinthu chimodzi chachikulu. Mu mpira wamiyendo, anthu 11 omwewo ndi amene amathira nkhondo pagolo la adani ndiponso kubwerera kukatchinga kwawo. Mu NFL si choncho. Timu iliyonse mwa matimu 32 imakhala ndi osewera 53, ndipo m'kati mwake muli magulu osiyana: pali 11 amene amalowa timu ikakhala ndi mpira, pali 11 ena amene amalowa mpira ukakhala kwa adani, ndiye palinso gulu la nthawi zokankha mpira ndi mwendo. Amene ali ndi mpira amapatsidwa mwayi kanayi kuti ayende mayadi 10, ndipo akakwanitsa amayambiranso kuwerenga, akalephera mpira umapita kwa anzawo. Nthawi zambiri timu imene yalephera katatu imakankha mpira kutali pa mwayi wachinayi, n'chifukwa chake mwayi wachitatu ndi pamene pamagona nkhondo yeniyeni. Zikutanthauza kuti m'timu imodzi muli ngati matimu awiri okhala ndi misonkhano yawoyawo, mabuku awoawo a njira zosewerera ndiponso aphunzitsi awoawo. Mphunzitsi wamkulu amayang'anira zonse, koma pansi pake pali akuluakulu a magulu, ndipo wa otchinga ndi amene tikukamba pano.

Ntchito ya munthuyu imaoneka bwino ukamuyang'anitsitsa pa tsiku la masewero. Amaima m'mbali mwa bwalo, kapena amakhala m'kachipinda kapamwamba kumene bwalo lonse limaoneka, atavala mahedifoni, m'manja muli pepala lalikulu lokutidwa ndi pulasitiki lodzaza ndi mayina a njira zotchingira, zosanjidwa molingana ndi mtunda umene watsala ndi dera la bwalo. Mpira ukangoima, koloko ya masekondi 40 imayamba kuwerenga. M'kanthawi kameneko ayenera kuona kuti adani alowetsa osewera otani, asankhe oti alowe ndi oti atuluke kumbali yake, kenako atchule njira imene akufuna kudzera pa wailesi yolumikizidwa ku chisoti cha wosewera mmodzi yekha, chimene chimakhala ndi kadontho kobiriwira kumbuyo. Otchinga analoledwa kukhala ndi wailesi imeneyi kuyambira mu 2008, ndipo imazimitsidwa pakatsala masekondi 15 kapena mpira ukayamba. Ambiri mwa aphunzitsiwa amaphimba pakamwa ndi pepala lija poyankhula, kuopera kuti adani angawerenge milomo. Zimenezi amazichita maulendo oposa 60 pa masewero amodzi, ndipo ulendo uliwonse amakhala akusankha choti ataye: akatumiza anthu ambiri kukathamangitsa woponya mpira, amene amatchedwa quarterback, kumbuyo kumatsala kopanda anthu okwanira, akasunga anthu ambiri kumbuyo, woponyayo amapeza nthawi yoyang'ana modekha, kapena adani amangothamanga ndi mpira pakati. Zimene timaona Lamulungu ndi kachigawo kochepa chabe, pakuti sabata yonse amakhala akuonera mafilimu a masewero a adani, kukonza njira, kuziphunzitsa, ndiponso kugawa ntchito kwa aphunzitsi ang'onoang'ono a mzere wakutsogolo, a pakati ndi a kumbuyo.

Funso loyamba limene timu imakumana nalo isanayambe n'komwe kufunafuna munthu watsopano ndi lakuti: chavuta n'chiyani kwenikweni? Funsoli limaoneka losavuta, koma ziwerengero za Chiefs za mu 2018 zinali zosokoneza mutu. Otchinga ake anagwetsa quarterback wa adani asanaponye mpira, zimene zimatchedwa sack, maulendo 52, ndipo panalibe timu imene inaposa pamenepo mu ligi yonse. Chris Jones yekha anali ndi 15.5, Dee Ford anali ndi 13. Munthu wongoona zimenezo akananena kuti zinthu zili bwino. Koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, chifukwa otchinga omwewo anali pa nambala 31 mwa matimu 32 pa kuchuluka kwa mayadi amene analola adani kuyenda, ndipo anagoletsedwa mapointi 421. Mu Novembala chaka chimenecho Chiefs inagoletsa mapointi 51 pokumana ndi Los Angeles Rams koma inagonjabe, poti Rams inagoletsa 54. Pa masewero a Patriots aja, Brady sanagwetsedwe ngakhale kamodzi. Kodi vuto linali Sutton, amene ankaoneka kuti sasintha njira ngakhale adani atazitulukira, kapena linali osewera akumbuyo amene analibe luso lokwanira? M'zaka zake zoyambirira ku Kansas City, Sutton yemweyo ankatsogolera gulu limene linali m'gulu la ovuta kuwagoletsa. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mlandu, ndipo chimene Chiefs inachita bwino n'chakuti sinanamizire kuti kuchotsa munthu mmodzi kuthetsa zonse.

Funso lachiwiri limakhudza mphunzitsi wamkulu mwiniwake. Andy Reid, amene wakhala akutsogolera Chiefs kuyambira mu 2013, ndi katswiri wa mbali yogoletsa, ndipo maganizo ake ambiri pa sabata ndi pa tsiku la masewero amakhala pa Mahomes ndi anzake. Mphunzitsi wamkulu wotere safuna wothandizira woti azimuuza chochita. Amafuna munthu woti amusiyire theka la timu n'kutembenuka osadera nkhawa. Zikanakhala kuti mphunzitsi wamkulu ndi katswiri wa kutchinga, monga analili Bill Belichick ku Patriots, akanatha kukweza mnyamata wophunzira ntchito n'kumamuwongolera pang'onopang'ono, popeza nzeru zazikulu zikanachokerabe kwa iye. Reid analibe mpata umenewo. Anali ndi quarterback wachinyamata waluso lodabwitsa amene panthawiyo ankalandira malipiro ochepa a kontirakiti yake yoyamba, ndipo aliyense ankadziwa kuti zaka zoterozo, pamene ndalama zimatsala zogulira osewera ena, sizikhalitsa.

Apa m'pamene dzina la Spagnuolo linalowera. Iye anagwira ntchito pansi pa Reid ku Philadelphia Eagles kuyambira mu 1999 mpaka mu 2006, akuphunzira kwa Jim Johnson, mphunzitsi wa otchinga amene ankadziwika ndi kutumiza anthu owonjezera kukaukira quarterback kuchokera kumbali zosayembekezeka, njira imene imatchedwa blitz. Mu 2007 anapita ku New York Giants kukakhala defensive coordinator, ndipo masewero ake awiri oyambirira anali omvetsa chisoni: gulu lake linagoletsedwa mapointi 45 ndi Dallas, kenako 35 ndi Green Bay. Koma pofika pa 3 Febuluwale 2008, gulu lomwelo linakumana ndi Patriots imene inali isanagonjepo chaka chonse, imene inagoletsa mapointi 589 mu ligi, ndipo linagwetsa Brady kasanu n'kulola mapointi 14 okha. Giants inatenga chikho pa 17 kwa 14. Mbiri yake ikanathera pamenepo, bwenzi aliyense akumulimbirana. Koma kuchokera mu 2009 mpaka mu 2011 anakhala mphunzitsi wamkulu wa St. Louis Rams, kumene anapambana masewero 10 okha n'kugonja 38. Mu 2012 anatsogolera otchinga a New Orleans Saints amene analola mayadi 7,042, chiwerengero choipa kuposa china chilichonse m'mbiri ya ligi kufikira nthawi imeneyo, ndipo anachotsedwa patangotha chaka chimodzi. Atabwerera ku Giants, mu 2015 gulu lake linali lotsiriza pa mayadi, mu 2016 linali lachiwiri pa kugoletsedwa mapointi ochepa, ndipo mu 2017 zinthu zinasokonekeranso.

Munthu mmodzi, nzeru zomwezo, koma zotsatira zake n'zokwera ndi kutsika chonchi. Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse, ndipo ndikufuna kukhalapo pang'ono. Ziwerengero za gulu la otchinga zimasinthasintha chaka ndi chaka pa zifukwa zambiri zimene mphunzitsi alibe nazo mphamvu: kuvulala kwa osewera awiri kapena atatu ofunika, luso la ma quarterback amene timu yakumana nawo chaka chimenecho, ngakhalenso khalidwe la anzawo a mbali yogoletsa, pakuti ngati iwo akutaya mpira pafupipafupi, otchinga amalowa m'bwalo ali otopa ndiponso adani ali kale pafupi ndi golo. Mu 2007 Spagnuolo anali ndi Michael Strahan, Osi Umenyiora ndi Justin Tuck pa mzere wakutsogolo, anthu amene ankatha kufika pa quarterback popanda thandizo. Mu 2012 anafika ku Saints pa nthawi ya chipwirikiti, pamene mphunzitsi wamkulu Sean Payton anali ataimitsidwa chaka chonse ndi akuluakulu a ligi pa mlandu woti osewera ankalonjezedwa ndalama akavulaza adani, ndipo anapeza osewera ozolowera njira za munthu wina. Pamene Giants inasintha kuchoka pa mapeto mu 2015 kufika pamwamba mu 2016, pakati pake inali itagula osewera atsopano odula. Choncho wolemba ntchito amene amangotenga pepala la ziwerengero n'kusankha amene ali pamwamba chaka chatha amakhala akugula mbiri ya osewera amene sabwera nawo. Chimene Reid ankachidziwa, chimene pepala silikanamuuza, ndi momwe Spagnuolo amaphunzitsira, momwe amakonzekerera, ndiponso momwe amachitira zinthu zikavuta, chifukwa anakhala naye zaka 8 m'timu imodzi.

Ndiyenera kunena kuti njira imeneyi, yolemba munthu amene umamudziwa kale, ili ndi mbali yake yoipa, ndipo si yaing'ono. Ngati mphunzitsi aliyense wamkulu azingoitana anzake akale, anthu aluso amene sali m'gulu la odziwana nawo sangapeze khomo lolowera. Mu ligi imene osewera ambiri ndi anthu akuda koma aphunzitsi akuluakulu ambiri ndi azungu, nkhaniyi yakhala yowawa kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake mu 2003 NFL inakhazikitsa lamulo lotchedwa Rooney Rule, potengera dzina la Dan Rooney, mwini wake wa Pittsburgh Steelers, lokakamiza matimu kuti pofuna mphunzitsi wamkulu aziyesa mafunso munthu mmodzi kapena kuposerapo wochokera m'mitundu imene imatsalira pa maudindowa. Pamene Chiefs inkalemba Spagnuolo, lamuloli linali lisanafike pa udindo wa coordinator. Linafikapo mu 2020, ndipo mu 2021 linakhwimitsidwa kuti oyesedwa otere ochokera kunja kwa timu akhale osachepera awiri. Kusinthaku n'kofunika chifukwa udindo wa coordinator ndi khwerero limene pafupifupi aliyense amapondapo asanakhale mphunzitsi wamkulu. Dandaulo limene latsalabe, ndipo ndi lomveka, n'lakuti timu imene yasankha kale munthu mumtima imatha kuitana ena kuti ingokwaniritsa lamulo.

Palinso malamulo ena amene amachepetsa anthu oti n'kusankhapo. Mphunzitsi amene ali kale defensive coordinator ku timu ina ndipo kontirakiti yake sinathe sangatengedwe pa udindo womwewo popanda chilolezo cha mabwana ake. Wothandizira wamng'ono amene akufuna kukwera kukhala coordinator ankathanso kutsekerezedwa kale, koma kuyambira mu 2020 matimu saloledwa kumuletsa kukayesedwa mafunso. Aphunzitsi a matimu amene adakali m'mpikisano wa chikho amayankhulidwa pa nthawi zoikika zokha, ndipo timu ya Arizona Cardinals inalipirapo ndi malo ake osankhira osewera atsopano mu 2023 chifukwa choyankhula ndi Jonathan Gannon, mphunzitsi wa otchinga wa Eagles, pa nthawi yosaloledwa. Zotsatira zake n'zakuti timu imene yafika patali m'mpikisano, monga inachitira Chiefs, imalowa pamsika mochedwa, anzake atatola kale ambiri mwa amene ankafunidwa. Spagnuolo analibe timu, choncho panalibe wopempha chilolezo. Chinthu chimodzi chimene chimapepukitsa ntchitoyi n'chakuti malipiro a aphunzitsi sawerengedwa pa malire a ndalama zolipira osewera, amene mu 2019 anali madola 188.2 miliyoni pa timu iliyonse, choncho mwini timu akhoza kulipira mphunzitsi ndalama zilizonse zimene wafuna.

Koma malire a ndalama aja amabwereranso pakhomo lina, ndipo apa m'pamene mtengo weniweni wa kusankha mphunzitsi watsopano umaonekera. Sutton ankagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa 3-4, kutanthauza anthu atatu pa mzere wakutsogolo ndi anayi pakati. Spagnuolo ndi wa 4-3, anayi kutsogolo ndi atatu pakati. Masiku ano kusiyanaku sikulinso kwakukulu monga kale, popeza matimu ambiri amathera nthawi yochuluka ali ndi anthu asanu kumbuyo chifukwa cha kuchuluka kwa mipira yoponya, komabe mtundu wa thupi ndi luso zofunika pa malo ena zimasiyana. Spagnuolo amakonda anthu akuluakulu ndi amphamvu m'mphepete mwa mzere, otha kuimitsa wothamanga ndi mpira komanso kuthamangitsa quarterback, ndipo kumbuyo amafuna anthu anzeru otha kusewera malo angapo ndi kubisa chimene akufuna kuchita mpaka mpira utayamba. Brett Veach, mkulu woyang'anira zogula ndi kugulitsa osewera ku Chiefs, anayenera kugwetsa nyumba ndi kumanganso m'miyezi yochepa. Dee Ford anagulitsidwa ku San Francisco 49ers. Justin Houston ndi Eric Berry, osewera okondedwa kwambiri ndi anthu a mumzindawo, anamasulidwa. M'malo mwawo munabwera Tyrann Mathieu pa kontirakiti ya zaka zitatu ya madola 42 miliyoni, ndi Frank Clark wochokera ku Seattle Seahawks, amene Chiefs inamugula popereka mwayi wake wosankha wosewera m'gawo loyamba la draft ya 2019 (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira osewera atsopano) ndi winanso wa chaka chotsatira, n'kumupatsa kontirakiti ya zaka zisanu yoposa madola 100 miliyoni. Timu imene ilibe ndalama kapena kulimba mtima kochita zoterezi imachita bwino kufunafuna mphunzitsi amene njira zake zikugwirizana ndi osewera amene alipo kale, apo ayi imapezeka ndi mphunzitsi wabwino ndi osewera abwino amene sakumvana.

Ngakhale zonsezi zitachitika, zipatso sizinabwere msanga. Buku la Spagnuolo ndi lalikulu, ndipo osewera amafunika nthawi kuti asiye kuganiza n'kuyamba kungochita. Mu Novembala 2019 Chiefs inagonja 35 kwa 32 kwa Tennessee Titans, pamene Derrick Henry wa Titans anathamanga mayadi 188, ndipo Chiefs inali itapambana 6 n'kugonja 4. Panthawi imeneyo kunali kosavuta kunena kuti palibe chasintha. Koma m'masewero 6 otsatira, amene Chiefs inapambana onse, otchinga analola mapointi 69 okha, ndipo chaka chinatha atagoletsedwa 308, kutsika kuchoka pa 421 paja. Atakumananso ndi Titans m'masewero olimbirana malo mu Super Bowl, Henry anathera pa mayadi 69. Pa 2 Febuluwale 2020, Chiefs inali kumbuyo 20 kwa 10 m'chigawo chomaliza pokumana ndi 49ers, timu imene Dee Ford ankasewerako tsopano. Anthu amakumbukira kwambiri mapointi 21 amene Mahomes ndi anzake anagoletsa, koma iwo sakanapeza mpira maulendo onsewo otchinga akanapanda kutseka 49ers osagoletsa kanthu m'chigawo chimenecho. Chiefs inapambana 31 kwa 20 n'kutenga chikho chake choyamba pa zaka 50.

Kuti tione kuti si nthawi zonse zimayenda chonchi, n'kokwanira kuyang'ana matimu awiri amene Chiefs inakumana nawo m'ma Super Bowl otsatira. Gannon atachoka ku Eagles kukakhala mphunzitsi wamkulu ku Arizona, Eagles inalemba Sean Desai, amene anaphunzira ntchito kwa Vic Fangio ku Chicago Bears, poganiza kuti apitiriza dongosolo lofanana ndi limene linalipo. Mu 2023 timuyo inayamba ndi kupambana 10 pa masewero 11, koma otchinga ankadontha, ndipo mu Disembala udindo wotchula njira unalandidwa kwa Desai n'kupatsidwa kwa Matt Patricia. Kusintha mawu a m'chisoti pakati pa chaka sikunathandize. Eagles inagonja 5 pa masewero 6 omaliza, kenako inatulutsidwa m'mpikisano ndi Tampa Bay pa 32 kwa 9. Ku San Francisco vuto linali la mtundu wina, lobwera chifukwa cha kuchita bwino. Robert Saleh, mphunzitsi wake wa otchinga, anatengedwa ndi New York Jets mu 2021 kukakhala mphunzitsi wamkulu, DeMeco Ryans amene analowa m'malo mwake anatengedwa ndi Houston Texans mu 2023, ndipo 49ers inalemba Steve Wilks wochokera kunja n'kumupempha kuti ayendetse dongosolo limene silinali lake. Gulu lake linali lachitatu mu ligi pa kugoletsedwa mapointi ochepa ndipo linafika ku Super Bowl, komabe patangopita masiku atatu chigonjere, mphunzitsi wamkulu Kyle Shanahan anamuchotsa ponena kuti sankagwirizana ndi kaseweredwe ka timuyo. Ine ndimaona kuti Wilks sanachitiridwe chilungamo chonse, chifukwa kulakwa kunayambira pa tsiku lomulemba: munthu sungamuitane chifukwa cha nzeru zake kenako n'kumuuza kuti azisiye pakhomo.

Masewero amene anachotsetsa Wilks aja, a pa 11 Febuluwale 2024, ndi amenenso anaonetsa bwino chimene Reid anagula mu 2019. Chaka chimenecho mbali yogoletsa ya Chiefs inali itafooka, ndipo otchinga, amene anagoletsedwa mapointi 294 okha pa masewero 17, ndiwo anasenza timu. Patatsala mphindi ziwiri kuti masewero athe, zigoli zili 16 kwa 16, 49ers inali pa mwayi wachitatu ikufuna mayadi 5 okha, ndipo ikanawapeza ikanatha kudya nthawi yonse n'kukankha mpira wopambanira Mahomes osapatsidwanso mpata. Aphunzitsi ambiri pamalo otere amasunga anthu kumbuyo poopa kuchititsidwa manyazi. Spagnuolo anatumiza Trent McDuffie, wotchinga wakumbuyo amene amayenera kulondera wolandira mpira, kuti athamangire quarterback Brock Purdy. Panalibe womutchinga. McDuffie anatambasula dzanja n'kuugunda mpira uli m'mwamba, 49ers inakakamizika kukankha nthawi idakalipo, ndipo Chiefs inabweza. M'nthawi yowonjezera zinachitikanso chimodzimodzi pafupi ndi golo, pamene Chris Jones anadutsa popanda womugwira n'kukakamiza Purdy kuponya mofulumira. Chiefs inapambana 25 kwa 22, ndipo Spagnuolo anakhala coordinator woyamba kutenga zikho zinayi za Super Bowl, chimodzi ndi Giants, zitatu ndi Chiefs.

Pali chinthu china chimene Chiefs inapindula nacho, kaya inachiganizira pomulemba kapena ayi. Mbiri ija ya kupambana 10 ndi kugonja 38 ku St. Louis yakhala ikuchititsa eni matimu kuzengereza kumupatsanso Spagnuolo udindo wa mphunzitsi wamkulu, choncho pamene 49ers ndi Eagles zinkasintha aphunzitsi a otchinga chaka ndi chaka, osewera a Chiefs ankamva mawu a munthu mmodzi yemweyo, ndipo Veach ankadziwa bwino mtundu wa anyamata oti asankhe pa draft. McDuffie ndi George Karlaftis, amene onse anasankhidwa mu 2022, analowa m'dongosolo lokhazikika kale.

Eagles nayo inakonza zolakwa zake. Mu Januwale 2024 inasiya kufunafuna ophunzira a Fangio n'kulemba Fangio mwiniwake, amene anali atangosiyana ndi Miami Dolphins, kenako inamupezera anthu: Quinyon Mitchell ndi Cooper DeJean pa draft, ndi Zack Baun, wosewera amene ku New Orleans sankapatsidwa mpata wokwanira, yemwe Fangio anamusamutsira pakati n'kukhala mmodzi mwa opambana pa malo amenewo mu ligi yonse. Njira za Fangio n'zosemphana ndi za Spagnuolo. Iye amakonda kusunga anthu ambiri kumbuyo, kutseka mipira yaitali, n'kudalira anayi akutsogolo kuti agwire ntchito okha. Pa 9 Febuluwale 2025 awiriwa anakumana mu Super Bowl ku New Orleans, Chiefs ikufuna kukhala timu yoyamba kutenga chikhochi katatu motsatizana. Fangio sanatumize blitz pa Mahomes usiku wonse, koma anyamata ake anamugwetsa maulendo 6, DeJean anawakha mpira wake n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, ndipo Eagles inapambana 40 kwa 22.